Malaiti afika ku Mambwe, nanga nthambo zimene tikutumizako ni zotani?

Mukafika pa Intercity kusanace, nthawi imene mabasi a kum'mawa akulongedza katundu, muyang'ane zimene zikulowa pansi pa basi. Kale munali kukhala shuga, saladi, mabelo a salaula na njinga. Masiku ano simungasowe panelo ya sola yokutidwa na makatoni, batiri yolemera imene anyamata awiri akunyamulizana, kabokosi ka mababu, na rolo ya nthambo ya malaiti yomangidwa na selotepu. Pamwamba palembedwa dzina la ambuya na nambala ya foni ya msuweni amene akalandire katunduyo ku Chipata olo ku Mfuwe.

Ambiri a ife amene timathinana m'minibasi kucokera ku Kanyama, Mtendere, Matero na Chawama tili na kwathu kumene timatumizako kanthu mwezi ukatha. Kutumiza kuwala kumunzi ni cinthu conyaditsa. Koma tamverani mmene timagulira. Pa panelo timafunsa ma watt. Pa batiri timafunsa ngati izifika m'mawa. Pa mababu timasankha owala maningi. Tikafika pa nthambo m'thumba mwatsala ya transipoti cabe, ndiye timauza wa m'shopu kuti atipatse iliyonse yochipa, nthambo ni nthambo. Nkhani ya lero yagona pamenepa. Pa katundu yense amene talongedza m'basi muja, cimene cingatenthe nyumba ya ambuya ni cija tagula mosaganizira.

Cifukwa cake nkhaniyi yakula manje

Pa 29 February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ni tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ZESCO inayamba kuzimitsa malaiti maola 8 pa tsiku mu March, ndipo pofika September makomboni ambiri anali kuona malaiti kwa maola atatu cabe pa tsiku. Nonse mukukumbukira. Kucokera apo sola inaleka kukhala ya a kumayadi okha. Boma linacotsa msonkho pa zida zambiri za sola, mashopu a ku Kamwala na m'tauni anadzaza mapanelo na mainveta, ndipo aliyense amene anagwirapo sikuludiraiva anasanduka injiniya.

Kumidzi nako zinthu zinali kuyenda. Bungwe la Rural Electrification Authority, limene linakhazikitsidwa na lamulo la mu 2003, lakhala likukoka mizere ya malaiti pamodzi na ZESCO, ndipo mapulogalamu othandizidwa na World Bank anatsitsa mtengo wolumikiza nyumba za kumidzi. Cacitatu ni babu lenilenilo. Mu 2016 boma linaletsa kulowetsa m'dziko mababu akale aja otentha, ndipo lero babu la LED la ma watt 9 limawala mofanana na lakale la ma watt 60. Zitatu izi zakumana pamodzi: sola yochipa, mizere yatsopano, na mababu osadya malaiti. Zotsatira zake n'zakuti nyumba zambiri zikulowa nthambo koyamba, ndipo zina zikuonjezera nthambo pamwamba pa zakale popanda wina wowerengera.

Boma la Mambwe lionetsa bwino nkhaniyi. Ni dziko la Akunda, la mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama na Msoro, m'cigwa ca Luangwa kumene alendo amatsikira pa bwalo la ndeke la Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa National Park. Ku Msoro kuli sabusitesheni yaikulu ya ZESCO, pamene pamadutsa mzere wa ma 330 kV wocokera ku Pensulo kupita ku Chipata. M'mbali mwa mseu wa tara wa Chipata na Mfuwe nyumba na mashopu ambiri ali pa ZESCO. Mukapatuka kulowa mkati, ni sola olo tochi. Ndipo kumeneko nyale ya panja si yokongoletsa nyumba ai. Njovu zimalowa m'midzi usiku kufuna mango na cimanga ca m'nkhokwe, mvuu zimayenda m'madimba, njoka na zinkhanira zili pakhomo. Munthu akafuna kutuluka usiku afunika kuona cimene cili pabwalo. Conco pempho la nyale likabwera pa foni, palibe mwana wa m'tauni amene angakane.

Zimene ninaona na maso anga

Ine sinikukamba za ena cabe. Amai aang'ono anga amakhala kufupi na mseu wa ku Mfuwe. Nyumba yao inalumikizidwa ku ZESCO na kabokosi kamodzi pa cipupa ca pa sitingirumu, kokhala na babu limodzi na masoketi. Anapempha nyale m'zipinda zonse na ziwiri za panja. Ninagula mababu a LED na rolo ya nthambo yoyera yofewa ija, yoonda, pa shopu ina m'tauni. Wa m'shopu ananitsimikizira kuti mababu amasiku ano sadya kanthu, conco nthambo yoonda ikwana. Ninakondwera cifukwa cenji inatsala. Kumunzi mnyamata wina amene amadziwika kuti amadziwa za malaiti anaikhomerera m'mapaso pansi pa malata, nyumba inawala, ndipo anitumizira zithunzi pa WhatsApp.

N'tapita kukaceza mu October, usiku woyamba ninamva kafungo ka pulasitiki yopsa ku cipinda ca kumapeto. Amai anati kafungoko kamabwera akamasita zovala za ku chalichi, kenako kamatha. M'mawa tinazimitsa malaiti pa bokosi, n'kukwera pa tebulo. Pa nthambo ya nyale ija wina anali ataonjezerapo soketi. Poyamba inali ya fani na kuchajing'a mafoni, pambuyo pake nsimbi inayamba kulowa momwemo. Pamene analumikiza, mawaya anangowapota na zala n'kukulunga na tepu. Tepuyo inali itasungunuka, khungu la nthambo litada n'kuuma, ndipo phaso linali na cipsera cakuda cacikulu ngati cikhatho ca mwana. M'cipinda cimeneco mumagona adzukulu awiri. N'tapala waya na mpeni, kopa anali pamwamba cabe. Mkati munali moyera.

Funso limene linanivuta ni ili: nanga buleka ya pa bokosi inalekeranji kugwa? Yankho lake ndiye phunziro lonse la nkhaniyi.

Buleka ni mlonda wa nthambo

Ambiri timaganiza kuti buleka imachinjiriza TV olo filiji. Nchito yake yeniyeni ni kuchinjiriza nthambo kuti isatenthe. Nthambo iliyonse ili na mlingo wa mphamvu imene ingadutsemo, ndipo mlingowo amaupima m'ma amp. Masamu ake ni apafupi. Tengani ma watt a cipangizo mugawe na ma volt. Malaiti a ZESCO m'nyumba ni ma volt 230. Mababu 10 a ma watt 9 onse pamodzi ni ma watt 90, osafika olo hafu ya amp imodzi. Nsimbi olo ketulo ya ma watt 2,000 imakoka pafupifupi ma amp 9. Ndiye kuti nsimbi imodzi imakoka kuposa mababu 200 a mtundu uja.

Nthambo yoonda ija ya 0.75 inapangidwira ma amp 6, ndipo ni ya zinthu monga nyale ya pa tebulo, osati yoyendetsa m'denga. Koma mnyamata uja anaitenga pa buleka ya masoketi ya ma amp 20. Conco nsimbi ikayaka, nthambo inali kupsa, pamene buleka ikuona kuti zonse zili bwino cifukwa ma amp 20 sanakwane. Zili ngati minibasi ya anthu 16 imene kondakitala wauzidwa kuti aziletsa okwera akafika 50. Sadzaletsa munthu mpaka matayala ataphulika.

N'cifukwa cake amisiri ophunzira amasiyanitsa mizere ya m'nyumba. Nambala imene mumamva m'shopu, 1.5, 2.5 olo 6, ni kunenepa kwa kopa wa mkati. Mzere wa nyale umayenda na nthambo ya 1.5 pa buleka yaing'ono, ya ma amp 10 olo kucepera. Masoketi amayenda na 2.5 pa buleka yaoyao, nthawi zambiri ya ma amp 20. Sitovu imafuna nthambo yonenepa, kawirikawiri ya 6, na buleka yakeyake. Soketi siikidwa pa mzere wa nyale, olo mwini nyumba alumbire kuti azichajing'irapo foni cabe. Soketi silankhula. Tsiku lina mlendo adzalowetsamo ketulo.

Mzere uliwonse ufunikanso waya wa earth, uja wobiriwira olo wobiriwira na cikasu, wolumikizidwa ku citsulo cokhomeredwa m'nthaka. Pa bokosi pafunika earth leakage ya ma milliamp 30, imene imadula malaiti mwamsanga akayamba kudutsa m'thupi la munthu. Ili na kabatani koyesera. Mukakadina malaiti ayenera kuzima pomwepo. Akapanda kuzima, itanani mmisiri tsiku lomwelo. Ku cigwa, kumene nthaka imauma gwa m'cilimwe, citsulo ca earth cifunika kupimidwa na mita, cifukwa nthaka youma siilandira bwino malaiti. Ndipo polumikiza paliponse pafunika konekita ya sikuluu m'kabokosi kotseka. Kupota mawaya na zala kumasiya mpata, mpatawo umathetheka, ndipo moto wambiri wa malaiti umayambira pa malo ngati amenewo.

Kutentha kwa m'cigwa kumasintha masamu

Pali cinthu cina cimene ife ogula ku Lusaka sitiganizira. Lusaka ili pamtunda, Mfuwe ili pansi m'cigwa. Mu October kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 40 pamthunzi, ndipo pansi pa malata masana kumaposa pamenepo kutali. Nthambo wamba ya PVC inapangidwa kuti kopa wake asapitirire madigiri 70, ndipo ma amp amene amalemba m'mabuku a amisiri amawerengera mpweya wa madigiri 30. Mpweya ukafika madigiri 40, nthambo imene inayenera kunyamula 100 imatsala na 87. Pa madigiri 50 imatsala na 71. Pa madigiri 60 imatsala na theka.

Tanthauzo lake n'lakuti nthambo imene ikupirira m'nyumba ya siling'i ku Chilenje ingalephere m'nyumba ya malata opanda siling'i ku Kakumbi. Ndipo nyengo yotenthayo ndiyo imene mafani na mafiliji amagwira nchito usana na usiku. Mmisiri wodziwa amatalikitsa nthambo ku malata, amaiika m'mapaipi a conduit, ndipo pena amakweza saizi. Mapaipiwo amathandizanso pa makoswe amene amatafuna khungu la nthambo. Ngati denga ni la udzu, nthambo yosavala paipi siyenera kukhudza udzu ngakhale pang'ono.

Nyale za panja zili na zake. Mvula ya m'cigwa ikayamba, cotengera babu ca m'nyumba cikaikidwa panja cimalowa madzi. Pafunika nyale yotsekeka yopangidwira panja. Nthambo yopita ku khichini ya panja olo ku cimbudzi isamangolenjekeka pa mtengo wa mango kapena kukwiriridwa yosavala pamene mawa wina adzalima na khasu. Ndipo cimodzi cifunika kukambidwa mosabisa: musalumikize malaiti a m'nyumba ku waya wa mpanda pofuna kuopseza njovu. Mipanda ya sola yovomerezeka ili na makina ake amene amatumiza mphamvu modukizadukiza kuti cokhudza cithe kuthawa. Malaiti a pa soketi sadukiza. Amagwira n'kupha, ndipo woyamba kukhudza kawirikawiri ni mwana olo mbuzi ya aneba.

Sola ya ma volt 12 si coseweretsa

Kumidzi ya mkati kumene ZESCO sinafike, anthu amati sola ilibe ngozi cifukwa siigwira munthu. N'zoona kuti ma volt 12 sakugwedezani mukakhudza. Koma moto umabwera na ma amp, ndipo ma volt akacepa ma amp amaculuka. Katundu wa ma watt 60 pa ZESCO amakoka kota ya amp imodzi. Katundu yemweyo pa batiri ya ma volt 12 amakoka ma amp 5, kuwirikiza pafupifupi ka 20. Conco nthambo ya sola ifunika kukhala yonenepa kuposa ya ZESCO, pamene ambiri amacita mosemphana, n'kugwiritsa nchito waya wa sipika.

Kutalika nakonso kumadya mphamvu. Nthambo ya kopa weniweni ya 1.5, pa mtunda wa mamita 10 kucoka pa batiri, ikanyamula ma amp 5 imataya pafupifupi volt imodzi na kacidutswa. Pa ma volt 12 cimeneco ni cakhumi ca mphamvu yonse, cimene cathera kutenthetsa waya. Mababu akayamba kuwala mofooka timanena kuti batiri ni yabodza, tigulenso ina, pamene wakuba ali m'denga.

Coopsa kwambiri ni batiri yopanda fyuzi. Mawaya awiri akakhudzana, batiri yaikulu imatha kutulutsa ma amp mahandiredi m'kanthawi kocepa, waya n'kufiira ngati wa sitovu. Fyuzi olo buleka ya DC iyenera kukhala pafupi penipeni na batiri, pa waya wa pulasi. Ni kanthu kakang'ono kochipa, koma m'makatoni ambiri amene amakwera basi simupezeka.

Inunso a m'komboni nkhaniyi ikukukhudzani. Kucokera mu 2024 nyumba zambiri zili na inveta olo jenereta, ndipo ena amailumikiza na nthambo ya mapulagi awiri, kulowetsa mphamvu kudzera pa soketi ya pa cipupa. Kucita conco kumabweza malaiti ku mzere wa panja, kumene wa nchito wa ZESCO angakhale atakwera pa polo akudziwa kuti mzere ni wozima. Malaiti akabwera mwadzidzidzi, inveta nayo imatha kupsa. Cofunika ni swichi ya changeover, imene imalola gwero limodzi cabe pa nthawi imodzi. Ngati mukhala pa renti pamene mabanja asanu akoka pa mita imodzi, funsani a landilodi kuti nthambo yobwera ku cipinda canu ni ya saizi yanji ndipo buleka yake ili kuti.

Dziko la kopa, nthambo za aluminiyamu

Zambia ni yaciwiri mu Africa pa kukumba kopa, pambuyo pa Congo DR, ndipo ku Luanshya kuli fakitale ya ZAMEFA imene yakhala ikupanga nthambo kwa zaka zambiri. Koma m'mashopu muli nthambo zina zimene mkati mwake ni aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, monga ija ninagula ine. Aluminiyamu amadutsa malaiti pafupifupi magawo 6 pa 10 a kopa, conco nthambo yolembedwa 2.5 imagwira nchito ngati 1.5. Amathyokanso msanga pa sikuluu, ndipo polumikiza pamamasuka pakapita nthawi. Zina ni kopa weniweni koma woonda kuposa nambala yolembedwa.

Bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency, limene linabwera na lamulo la mu 2017, ndilo limayang'anira katundu wotere, ndipo lakhala likulanda nthambo, maadaputa na maekisitenshoni osakwanira muyezo m'mashopu. Koma oyendera sangakhale pa kauntala iliyonse tsiku lililonse. Wogula afunika kudziyang'anira. Nthambo yabwino imakhala na dzina la wopanga, saizi na ma volt zolembedwa pa khungu lake mobwerezabwereza. Pemphani kadutswa, mupale waya na mpeni. Kopa weniweni ni wofiirira mpaka mkati. Nyamulani marolo awiri a saizi imodzi, wopepuka modabwitsa mumukayikire. Tengani lisiti yolembedwa saizi na dzina la nthambo. Wa m'shopu akakana kuti mupale olo kulemba lisiti, wakuuzani kale zimene mufuna kudziwa.

Lamulo lilipo, koma limathera pa mita

Wina angafunse kuti kodi boma lilibe malamulo pa izi? Alipo. Pali Electricity Act na Energy Regulation Act, onse a mu 2019. Pali muyezo wa Zambia Bureau of Standards wa kaikidwe ka nthambo m'nyumba, ZS 791. Energy Regulation Board imapereka malaisensi kwa ogulitsa na kuika zida za sola. Lamulo la Engineering Institution of Zambia la mu 2010 limafuna kuti amisiri, kuphatikizapo a malaiti, akhale olembetsedwa. ZESCO nayo imayendera nyumba isanailumikize.

Vuto lili pa zimene zimacitika pambuyo pake. Woyendera amabwera kamodzi, tsiku lolumikiza. Cipinda cikaonjezedwa caka camawa, soketi ikaikidwa pa mzere wa nyale, buleka yaing'ono ikacotsedwa n'kuikapo yaikulu cifukwa ati inali kuvutitsa na kugwaigwa, palibe amene amabweranso. Nyumba ya sola ya ma volt 12 ndiye siyenderedwa n'komwe. Muyezo uja unalembedwa m'Cizungu ca mainjiniya, ndipo mnyamata wa kumunzi amene amaika nthambo m'nyumba za anthu sanauonepo. Conco woyendera weniweni wa nyumba ya ambuya ni uja waimirira pa kauntala ku Lusaka na ndalama m'manja. Ni ine na imwe.

Tinene cilungamo, pali cifukwa cimene anthu amagulira zochipa. Nthambo ya kopa weniweni ni yodula. Mmisiri wa mapepala afunika kulipiridwa, ndipo ngati munzi uli kutali afunika na transipoti. Banja limene likusankha pakati pa feteleza na nthambo silingauzidwe cabe kuti tsatirani muyezo. Kuuza anthu kuti akhale mumdima mpaka atapeza ndalama zonse kulinso na ngozi yake, cifukwa kandulo na koloboyi zatentha nyumba zambiri, ndipo njovu siziyembekeza bajeti. Ndiponso anyamata aja a kumunzi si adani. Akugwira nchito imene palibe wina akuigwira.

Koma kucepa kwa ndalama kuyenera kucepetsa kukula kwa nchito, osati ubwino wake. Ndalama ikakwana zipinda ziwiri na nyale imodzi ya panja, citani zimenezo bwinobwino, zotsala caka camawa. Yerekezani nokha mtengo wa nthambo yabwino na wa panelo, batiri, TV, malata na mbeu zimene zili m'nyumbamo. Kumidzi ya mkati, maka-maka m'dzinja pamene mitsinje yadzaza ndipo miseu yaduka, motoka yozima moto singafike nyumba isanathe.

Zimene zingacitike

Mbali ina ni ya aboma. Ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo zakhala zikukwerabe, ndipo mbali yake ni yolipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja. Makomiti a m'mawodi a ku Malambo angacite dala kusankha anyamata na atsikana amene akuika kale nthambo m'midzi n'kuwatumiza ku Chipata Trades Training Institute, kuti akalembe mayeso a TEVETA abwere na mapepala. Wodi iliyonse itakhala na amisiri awiri odziwika, nkhani ya transipoti yatha. Malo ogona alendo a ku Mfuwe ali na amisiri a malaiti odziwa nchito, ndipo acinyamata ameneŵa angaphunzire pa manja awo.

ERB na ZABS angatenge mfundo zikuluzikulu za ZS 791 n'kuzilemba pa pepala limodzi m'Cinyanja, na zithunzi, lomata m'mashopu a hadiweya, n'kuziwerenganso pa Breeze FM na pa ZNBC Radio 1. ZCSA isamathere ku Lusaka, ifike na m'mashopu ang'onoang'ono a m'maboma kumene nthambo imagulitsidwa modula pa mita, yopanda cikuto ca fakitale. Ndipo pulogalamu iliyonse yotsitsa mtengo wolumikiza ingaonjezere ulendo waciwiri wa woyendera pakapita caka, cifukwa nthawi imeneyo m'pamene zoonjezera zimakhala zitayamba.

Mbali yathu ife okwera minibasi ni yapafupi. Musanagule kanthu, pezani mmisiri ayambe waona nyumba, awerenge zipangizo zimene zidzalowa, alembe mndandanda wa saizi za nthambo na mabuleka. Mufunseni mapepala ake, si mwano. Gulani zimene walemba, osati zimene wa m'shopu wakuuzani kuti n'cimodzimodzi. Nchito ikatha, apime na mita muli pomwepo olo m'bale wanu akuona. Ndipo uzani a kunyumba zizindikiro izi: fungo la pulasitiki yopsa, soketi olo swichi yotentha mukaigwira, mababu ophethira nsimbi ikayaka, buleka yogwaigwa, na citseko ca filiji cimene cimaluma dzanja. Akaona cimodzi, azimitse pa bokosi n'kutuma foni. Buleka yogwa kawirikawiri ikukuuzani kuti pali vuto. Kuikapo yaikulu kuli ngati kucotsa batiri m'foni cifukwa ikulira na uthenga wa matenda.

Kwa amai aang'ono tinacotsa nthambo yonse ija. Mmisiri wa mapepala anabwera, anaika mzere wa nyale pa 1.5 m'mapaipi na buleka yake, soketi ya nsimbi pa 2.5. Ndalama inakwana zipinda ziwiri na nyale imodzi ya panja, yoyang'ana ku mtengo wa mango. Zipinda zina zikali kugwiritsa nchito tochi mpaka n'tapezanso kanthu. Ninalipira kawiri pa nchito imodzi, ndipo cenji ija ninakondwera nayo m'tauni inanidyera zambiri. Phaso lopserera lija amai anakana kuti tilisinthe. Ati likhale pomwepo, aliyense wobwera na maganizo oonjezera soketi aziyamba waliona.

Mwezi ukutha, ndipo ena a imwe mukutsika pa Kulima Tower olo pa City Market na mndandanda wocokera kumunzi m'thumba. Yambani kugula nthambo, buleka na fyuzi ndalama ikali yonse. Mababu mugule na cenji.